Ma peptide oteteza khungu ku dzuwa: umboni sunakwane

Khungu la munthu limapanga lokha timapuloteni topha tizilombo, totchedwa antimicrobial peptides. Kodziwika kwambiri ndi LL-37. Mu 1987, Michael Zasloff anapeza tina, ta magainin, pakhungu la chule wa mu Africa wotchedwa Xenopus laevis. Masiku ano ofufuza ena akuti timapuloteniti tingatetezenso khungu kuti lisakalambe msanga ndi dzuwa.

Ganizoli lili ndi poyambira. Cheza cha dzuwa cha UV chimachititsa maselo kutulutsa enzyme ya MMP-1, yomwe imadula collagen, ulusi wolimbitsa khungu. Makwinya amayambira pamenepo. M'labotale, ma peptide ena achepetsa kuwonongeka kotereku.

Vuto ndi lakuti umboni wambiri wachokera pa maselo a m'mbale ndi pa mbewa zoyeserapo mankhwala, zomwe khungu lake ndi lopyapyala kuposa la munthu. Chachiwiri, mankhwala oposa ma dalton 500 amavutika kulowa pakhungu, pomwe LL-37 ili ndi pafupifupi 4,500. Chachitatu, LL-37 ikachuluka imakolezera kutupa, monga zimaonekera pa matenda a psoriasis ndi rosacea. Mbiri nayonso ikuchenjeza: pexiganan, mankhwala opangidwa potengera magainin, ankaoneka odalirika m'labotale, koma bungwe la FDA ku America linawakana mu 1999, ndipo mu 2016 analepheranso pa kafukufuku wa zilonda zakumapazi za odwala shuga.

Mafuta oteteza ku dzuwa ndiwo ayesedwa mokwanira pa anthu. Ku Nambour m'dziko la Australia, ofufuza anatsatira anthu 903 kwa zaka zinayi ndi theka, ndipo mu 2013 anafalitsa kuti khungu la odzola tsiku lililonse linakalamba mochepa ndi 24 peresenti poyerekeza ndi la odzola mwa apo ndi apo.

Kuno ku Malawi nkhaniyi si ya makwinya okha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636, ndipo kwa iwo dzuwa limabweretsa khansa ya pakhungu. Munthu wotere akasiya mafuta odalirika n'kugula odula olembedwa kuti muli peptide, waika moyo pachiswe.

Kafukufukuyu apitirire, koma uphungu wa alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya usasinthe: mafuta a SPF 50, chipewa chachikulu, zovala za manja aatali, mthunzi dzuwa likakhala paliwombo, ndi kutumiza msanga kuchipatala aliyense wa chilonda chosapola.