Makina Akale ndi Mau a m'Kalabu: Ndemanga pa Kajambulidwe ka Nyimbo za Zamrock

Colinga ca nkhani ino ndi kuunika zimene zimasungika ndi zimene zimatayika pamene gulu loimba nyimbo za rock lijambulidwa pamaso pa anthu ndi makina akale a tepi. Nkhaniyi ingaoneke ngati ya amisiri a zamagetsi okha, koma ife tiona kuti ikhudza kwambiri wophunzira cinenero, makamaka amene afuna kudziwa Cinyanja monga cilankhulidwa m'tauni.

Tiyambe ndi mbiri pang'ono. Nyimbo zimene zichedwa Zamrock zinakula m'zaka za m'ma 1970, ndipo boma la Kenneth Kaunda litalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zoulutsidwa pawailesi zikhale za m'dziko muno, magulu monga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family anapeza msika. Zimbale zao zimene tili nazo lero, monga Africa ca Amanaz (1975), cojambulidwa ku Malachite mu Chingola, ndi Lazy Bones!! ca WITCH (1975), cojambulidwa ku dB Studios mu Lusaka, ndi nchito za m'situdiyo. Komatu kuchuka kwa magulu amenewa kunacokera m'maholo ndi m'makalabu. Amene anaona Emmanuel "Jagari" Chanda akudumpha pabwalo, kapena Paul Ngozi akuliza gitala ndi mano, amasimba za cinthu cimene zimbalezo sizinagwire. Mtengo wa mkuwa utagwa, ndiponso lamulo loletsa kuyenda usiku litabwera cifukwa ca nkhondo ya ku Rhodesia, moyo wa m'makalabu unazilala. Pambuyo pake Edzi inatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo.

Kuyambira pamene kampani ya ku America ya Now-Again inayamba kutulutsanso zimbalezi, mwacitsanzo bokosi la nyimbo za WITCH mu 2012, pabuka cikondi cacikulu ca "kamvekedwe kakale". Mu 2023 WITCH inatulutsa Zango, cimbale cojambulidwa ku dB Studios komweko ndi zipangizo zakale. Nchitoyo ndi yotamandika, ndipo ili ndi phunziro kwa ife: nyimbo ya Waile, imene gululo linali kuimba pamaso pa anthu kalekale, inadikira zaka zoposa 40 kuti ilowe m'cimbale. Ndi zingati zina zimene zinafera m'maholo?

Ndi funso limeneli m'mutu tinapita ku kalabu ina mu Lusaka, kumene mnyamata wina wokonda makina akale anali kujambula gulu la acinyamata oimba rock. Anali ndi makina a Revox A77, mtundu umene unayamba kupangidwa mu 1967, ndi mamaikolofoni awiri okha oimikidwa patsogolo pa bwalo. Tepi yake inali kuyenda masentimita 19 pa sekondi, kutanthauza kuti mkombero umodzi wa mafiti 1,800 unali kutha pa mphindi 48.

Tiyenera kuvomereza kuti zimene tinamva pambuyo pake zinali zokoma. Tepi ili ndi khalidwe lakuti phokoso likapyola muyeso imalifewetsa pang'onopang'ono, pamene makina a kompyuta amalidula mwaukali. Cifukwa cake ng'oma zinamveka zonenepa, ndipo gitala wolira mosasa sanalase khutu. Mamaikolofoni awiriwo anagwiranso cipinda conse: kuomba m'manja, mluzu, ngakhale botolo limene linagwa. Womvera amakhala ngati waima pakati pa anthu. Pamenepa mnyamatayo anacita bwino kuposa amene amatenga mau kucokera m'makina osakanizira a gulu loimba, pakuti njira imeneyo imacotsa khamu, ndipo nyimbo yokhala ndi wotsogolera ndi ovomera imatsala ndi mwendo umodzi.

Koma wophunzira cinenero akachera khutu amapeza zovuta ziwiri. Coyamba ndi ca mau a m'nyimbo. Pamene gitala ndi ng'oma zakwera pamodzi, makonsonanti amamira. Kusiyana kwa p ndi ph, t ndi th, k ndi kh, kumene m'Cinyanja kumasiyanitsa matanthauzo monga pala ndi phala, kumadalira kampweya kocepa kamene kamabisika msanga m'phokoso la zitsulo za ng'oma ndi m'kusosola kwa tepi. M'mavesi ena tinabwereza kanayi osagwirizana za mau amene anaimbidwa. Kukwera ndi kutsika kwa liu, kumene kumalekanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, kumagonjeranso maimbidwe. Ici si colakwa ca wojambula, koma citanthauza kuti nyimbo payokha ndi umboni wofooka wa kalankhulidwe.

Cacikulu ndi caciwiri, ndipo apa ndi pamene tisemphana ndi okonda makina akale. Tepi masiku ano ndi yosowa ndi yodula. Pofuna kuisunga, mnyamatayo anali kuimitsa makina nyimbo ikangotha, ndi kuwayatsanso woimba ng'oma akayamba kuwerenga. Motero anataya zonse zolankhulidwa pakati pa nyimbo. Ife amene tinalipo tinamva woimba akupereka moni m'Cinyanja ca mu Lusaka, akunena "manje" ndi "nifuna", akuika "ba" waulemu patsogolo pa maina, akutembenukira ku Cibemba poseka ndi alendo ocokera ku Migodi, ndi ku Cingerezi pochula dzina la nyimbo. Kusinthasintha kumeneku, kumene aphunzitsi amalimbana nako m'kalasi tsiku ndi tsiku popanda zitsanzo zolembedwa bwino, kunapita ndi mphepo. Makina amene anasankhidwa cifukwa colemekeza zakale anabwereza kutaya komweko kumene tidandaula pa zaka za m'ma 1970.

Tiyenera kukumbukiranso kuti oimba akale sanasankhe kusosola kwa tepi ngati cokometsera. Anagwiritsa nchito zimene zinalipo. Ndiponso "kamvekedwe kakale" si kamodzi: pamene Africa ca Amanaz cinatulukanso mu 2015, cinabwera ndi masakanizidwe awiri osiyana, ena ouma ndi ena okhala ndi mau obwereza ngati a m'phanga. Amene anena kuti makina akale amabweza coonadi ayambe watiuza kuti coonadico ndi citi mwa ziwirizi.

Maganizo athu ndi akuti tepi ipitirize nchito yake yokometsa, koma pambali pake paziikidwa kamakina ka masiku ano kosaimitsidwa kuyambira pamene gulu likwera pabwalo mpaka pamene litsika, oimba ndi eni malo atavomereza. Umboni wa phindu lake uli pa tepi yomweyi. Pamalo pamodzi wojambulayo anaiwala kuimitsa makina pamene cingwe ca gitala cinaduka, ndipo kwa mphindi ngati zinayi woimba anaceza ndi khamu poyembekezera kuti acimange. Mnyamatayo anapepesa cifukwa ca cigawo cimeneco ndipo anafuna kucidula. Tinampempha acisiye, ndipo polemba mau ake onse tinadzaza masamba atatu.