Mzere umene John Nagle anauona mu 1985

Mu Disembala 1985, John Nagle, yemwe ankagwira ntchito ku Ford Aerospace, analemba chikalata chachifupi chotchedwa RFC 970. Rauta ya pakhomo mulibemo, poti nthawiyo kunalibe, komabe chikalatachi chimafotokoza bwino chifukwa chake mawu a pa WhatsApp amadukaduka wina m'nyumba akayamba kutumiza vidiyo yaikulu.

Kayambidwe kake ndi kamene kamandigwira mtima. Akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti makina amataya mapaketi a uthenga chifukwa malo owasungira ndi ochepa. Nagle sakangana nawo. Amawapatsa zonse zimene akufuna: tiyerekeze kuti malowo alibe malire. Kenaka amangolondola zotsatira zake. Paketi iliyonse ili ndi nthawi yoikika yokhala pa netiweki. Olowa akachuluka kuposa otuluka, mzere umakula, kudikira kumatalika, mpaka mapaketi ambiri amafera pamzere pomwepo. Amene atulukamo amakhala atatsala ndi kanthawi kochepa kwambiri moti makina a kutsogolo amawataya. Makina onse ali kalikiliki, waya ndi wodzaza, koma palibe chikufika. Patapita zaka 25, mu 2010, Jim Gettys anapeza matenda omwewa m'zipangizo za intaneti ya kunyumba nawatcha bufferbloat.

Pakati pa chikalatachi nkhani imachoka pa makina n'kufika pa khalidwe. Pamzere umodzi, pomwe wofika msanga ndiye woyamba kuthandizidwa, wopindula ndi amene akutumiza zambiri, ndipo wodziletsa ndiye amalangika. Nagle sapempha aliyense kuti akhale waulemu. Amasintha mzere: wotumiza aliyense akhale ndi wakewake, ndipo makina azitenga paketi imodzi pa uliwonse mosinthana. Zili ngati pa mjigo pamene wobwera ndi zidebe khumi atunga chimodzi n'kupatsa mpata mnzake wa kachigubu. Wadyera amangotalikitsa mzere wake yekha.

Taonani chimene Nagle sananene. Sanayale mndandanda wa ofunika ndi osafunika. Tsamba la QoS pa marauta ambiri limatifunsa zimenezo, kuti tisankhe foni kapena kompyuta yokhala patsogolo, ndipo ine ndimaona kuti njirayi ndi yofooka poyerekeza ndi ya Nagle. Foni ya bambo ikaikidwa pamwamba, imakhalabe pamwamba ngakhale pamene ikungokweza zithunzi, mwana ali m'kalasi ya pa Zoom.

Ganizo la Nagle lili ndi mpata woonekera: kuwerenga mapaketi osayang'ana kukula kwake kumakondera wotumiza mapaketi akuluakulu. Alan Demers, Srinivasan Keshav ndi Scott Shenker anakonza zimenezi mu 1989. Njira yotchedwa FQ-CoDel, yofotokozedwa mu RFC 8290 ya 2018, inapitiriza: imapatsa mtsinje uliwonse wa uthenga mzere wake, imatsogoza otumiza pang'onopang'ono monga mawu a foni, ndipo imayamba kutaya mapaketi kudikira kukakhalitsa pamwamba pa mamilisekondi 5.

Pa rauta yoyendera pulogalamu ya OpenWrt zimenezi zili mu gawo lotchedwa SQM. Koma mosiyana ndi makina a Nagle, rauta ya pakhomo siyo imasunga mzere nthawi zambiri. Mzerewo umakhala mu modemu kapena kwa kampani yogulitsa intaneti. N'chifukwa chake mu SQM mumalemba liwiro lotsika pang'ono kuposa limene mumalandiradi, kuti mzere usamukire mu rauta, mmene ungathe kugawidwa.