Nyumba Yomangidwira Chete

Amene anafikapo ku Kachebere, m'malire a Mchinji ndi Zambia, amadziŵa kuti nyumba ya seminale ija imamuphunzitsa munthu kutsitsa mawu. Ansembe a White Fathers, amene anafika pamalopo mu 1903 ndi kutsegula seminale mu 1939, anamangira chete. M'chete momwemo munakulira anthu onga Bishopu Patrick Kalilombe.

Masiku ano nyumba zakale zotere zimakopa okonza misonkhano ndi maphwando. Sitiwadzudzula eni nyumba akalandira alendo: denga likadontha silifoleredwa ndi mbiri, limafuna ndalama. Mandala House ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, yapulumuka chifukwa anthu amaloŵamo tsiku ndi tsiku.

Komatu alendo amasiyana. Msonkhano wa aphunzitsi kapena wa makatekisiti umagwirizana ndi makonde aatali, mmene anthu amakambirana akuyenda pang'onopang'ono. Phwando la zokuzira mawu, nsalu zonyezimira zitaphimba makoma, limangobwereka nkhope ya nyumbayo kuti zithunzi zikongole. Ndipo msomali wokolekera nsaluzo, inu aŵerengi, umakhomedwa m'njerwa zimene agogo athu anaumba ndi manja.