Nthondo ndi phazi la mwana wolowerera

Sabata ino ndakutengerani zinthu ziwiri zomwe mungati sizidyera mbale imodzi: buku lakale la kwathu kuno lotchedwa Nthondo, ndi chithunzi cha penti chomwe anajambula Rembrandt, mzungu wa ku Holland, chosonyeza mwana wolowerera atafika kwa bambo ake. Zonse ziwiri zikukamba za munthu amene anasochera kenaka n'kubwerera. Chomwe ndikufuna tione ndi chakuti, mwa awiriwa, ndani akutikhutiritsa kuti munthuyo wabwereradi.

Tiyambe ndi wathu. A Samuel Josia Nthara anabadwa mu 1905, ndipo anali mphunzitsi wa mishoni ya Dutch Reformed, yomwe lero timati Sinodi ya Nkhoma. Mishoniyi inayambira kumapiri kwathu konkuno: Mvera m'boma la Dowa mu 1889, Kongwe mu 1894, Nkhoma n'kubwera mu 1896. Buku Lopatulika lathunthu linatuluka mu 1922. Ndiye taonani, patangopita zaka 11 zokha, mu 1933, mphunzitsi wachikuda akutulutsa buku lakelake m'Chinyanja, n'kupambana nalo mphoto ya bungwe la ku London loona za zilankhulo ndi zikhalidwe za mu Africa. Chaka chotsatira a T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Kwa ife a ku Ntchisi dzinali silachilendo, popeza tili ndi dera la T/A Nthondo, koma Nthondo wa m'bukuyu ndi munthu wopeka.

Nkhani yake ndi moyo wa munthu mmodzi kuchokera tsiku lobadwa. Akukula m'mudzi wa Achewa, akusanduka mnyamata wovuta, wakuba, wosamva kamodzi, akuchoka pamudzi kukafuna ntchito kutali monga ankachitira anyamata a nthawi imeneyo, akubwerera, akulongedwa ufumu, ndipo chakumapeto akutembenuka mtima n'kukhala Mkhristu.

Chomwe ndimawakondera a Nthara n'chakuti mudzi wa makolo sanaudetse. Mphunzitsi wa mishoni, buku losindikizidwa ndi amishoni, akanatha kungoti kale kunali mdima basi, n'kuwomberedwa m'manja. Koma ayi. Miyambo ya pobadwa mwana, ya pamaliro, milandu ya pabwalo, zonse akuzifotokoza modekha ngati munthu amene anakhalapo pamphasa yomweyo. Anthu a m'mudzimo ali ndi malamulo, ali ndi manyazi, amadziwa kuti kuba n'koipa asanamve n'komwe belu la tchalitchi. Nthondo akamalakwa, akulakwira anthu amene anali kale ndi chilungamo chawo. Izi n'zimene zinawafikitsa a Nthara polemba Mbiri ya Achewa pambuyo pake. Ine ndine Mkhristu, koma sindifuna buku londiuza kuti agogo a agogo anga analibe nzeru.

Vuto langa lili pa kubwerera. Masamba a uchimo ali ndi moyo, munthu umachita kumuona Nthondo, umakwiya naye, pena n'kumuseka. Tikafika poti watembenuka, nkhani imayamba kuthamanga ngati wamalonda amene waona mvula ikubwera. Chikhristu chikulowa ngati chitseko chotsekera buku. Tikuuzidwa kuti munthu wasintha, ndipo tikuvomera chifukwa wolemba wanena, koma mtengo wake wa kusinthako sitiumva kulemera. Ife a pamsika timadziwa kuti munthu amene anathawa ndi ngongole yako ya nyemba akabwera patapita zaka n'kunena kuti mayi ndinapemphera, umayankha kuti zikomo, Ambuye alemekezeke. Koma maso ako amakhala pa manja ake, kuona ngati wanyamula kanthu, ndi pa nkhope yake, kuona ngati angathe kukuyang'ana.

Tsopano tsegulani foni, lembani Rembrandt ndi Prodigal Son, muchione chithunzicho tisanapitirire. Chenicheni chili ku Hermitage, nyumba yosungiramo zakale ku St Petersburg m'dziko la Russia, ndipo n'chachitali kuposa mamita awiri ndi theka. Fanizo lake mukulidziwa, lili pa Luka 15. Mnyamata wagwada, watifulatira, mutu ndi wometa mpala, zovala ndi nsanza. Bambo wokalamba wavala chofunda chofiira, waweramira mwanayo, manja onse awiri ali pamsana pake. Ambiri amakamba za manjawo, kuti lina likuoneka lamphamvu, lachimuna, lina lofewa ngati la mayi. N'zoona, yang'anani muone.

Koma ine maso anga amathamangira kumapazi. Nsapato yakumanzere yavuka, ili pambali, phazi lili pamtunda. Yakumanja yatheratu kuchidendene. Aliyense amene anatsegulapo belo la kaunjika akudziwa kuti nsapato imaulula mwini wake: ina inatha ndi fasho, ina inatha ndi msewu. Iyi inatha ndi msewu, ngakhale mutaiika pa mulu wa zotchipa palibe angaitole. Rembrandt sakutiuza kuti mwanayu walapa. Akutionetsa mtunda womwe wayenda, ife tokha n'kuwerengera. Ku Ntchisi kuno amene anayendapo wapansi kuchokera ku Malomo kufika paboma nthawi ya dzinja sangafunse tanthauzo la phazi limenelo.

Mbiri ya wojambulayo imandithandiza kumvetsa. Rembrandt anabadwa mu 1606 ku Leiden, anatchuka ndi kulemera ku Amsterdam akadali mnyamata. Cha m'ma 1635 anadzijambula yekha ngati mwana wolowerera ali kumowa, chikho m'mwamba, mkazi wake Saskia ali pamiyendo, kuseka kuli mbwee. Saskia anamwalira mu 1642. Mu 1656 ngongole zinamukwana, katundu wake ndi nyumba yomwe zinagulitsidwa. Mwana wake Titus anamwalira mu 1668, iye n'kutsatira mu 1669. Chithunzi cha kubwererachi anachijambula m'zaka zomalizirazo. Kunena kwina, munthuyu anajambula theka loyamba la fanizoli ali ndi ndalama, theka lachiwiri atagwa bizinezi. A Nthara polemba Nthondo anali asanakwanitse zaka 30. Mwina si chilungamo kufuna kuti mnyamata alembe za kulapa ngati nkhalamba yomwe yaika m'manda mkazi ndi mwana, komabe ine ndikuweruza zomwe zili papepala.

Pali china. Kudzanja lamanja la chithunzicho kwaima munthu wamtali, manja wawapinda pandodo, akuyang'ana pansi osamwetulira. Ambiri amati ameneyu ndi mkulu wake uja amene sanachoke pakhomo. M'fanizo la Yesu iye amafika phwando litayamba kale, koma Rembrandt wamuimika pomwepo kuti aone zonse. Ndipo fanizolo limatha tisanauzidwe ngati mkuluyo analowa m'nyumba. Kunena mosabisa, ambiri a ife amene timadzuka mbandakucha kukayala malonda, kulipira chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku, kusonkha ku banki m'khonde osaphonya, tili mbali ya mkuluyu. Chikhululuko chimatiwawa chikamapita kwa wina. Rembrandt akudziwa zimenezi ndipo watipatsa malo m'chithunzi. Mu Nthondo ndimasowa malo oterowo. Anthu amene anaberedwa, amene analira chifukwa cha iye, ndimafuna nditawamva bwinobwino tsiku limene akumva kuti mfumu yalowa kalasi.

Apa m'pamene ndimaona kuti mwayi waukulu unatayika, chifukwa kwa ife Achewa wolowerera sabwerera kwa bambo yekha ayi. Amabwerera ku mbumba, kwa amayi ake, alongo ake, atsibweni. Ufumu umene umadzera kuchikazi. Ndiye kuti akanati ajambule ndi wa kuno, pamsana pa mnyamata uja pakanakhala manja ambiri, ndipo oima pambali atapinda manja akanakhala alongo amene analima okha zaka zonsezo. Fanizo la mwana wolowerera wa Chichewa, lokhala ndi azimayi amenewa pakati, a Nthara anali nalo pafupi kwambiri. Mwinanso n'chifukwa chake ndimapeza kukoma kwina m'buku lawo la Msyamboza, mbiri ya mfumu yeniyeni ya ku Chibanzi ku Dowa, munthu wa malonda ndi ulimi: pamenepo moyo weniweni unawakakamiza kuyenda pang'onopang'ono.

Musandimve molakwa, Nthondo muliwerenge. Kulipeza masiku ano n'kovuta, funsani kwa aphunzitsi opuma ntchito ndi akuluampingo akale, ena akali nalo m'sutikesi. Mukalipeza, werengani masamba omalizira chithunzi chija chili pambali. Ndipo muyang'anitsitse m'chiuno mwa mnyamata wogwadayo: muli kalupanga kakafupi. Munthu amene anafika posirira chakudya cha nkhumba, nsapato zitatha chonchija, kalupanga aka sanagulitse, pomwe ndi chinthu chokhacho chomwe chikanamupezetsa ya ufa. Ena amati n'chizindikiro chakuti sanaiwale kuti ndi mwana wa pabanja lolemekezeka. Ine monga wamalonda ndimangodabwa kuti anakana kangati ogula.