Jackie Chan atavala suti: filimu ya Gorgeous pamaso pa otchola tiyi

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu ndi umene umandifikira ndikaganiza za Gorgeous, filimu ya m'chaka cha 1999 m'mene katswiri wa zibakera ndi mateche, Jackie Chan wa ku Hong Kong, anayesa dzanja lake pa nkhani ya chikondi ndi nthabwala. Dzina la filimuyi likutanthauza chinthu chokongola zedi, ndipo kukongolako kulipodi: nyanja, nyumba zosanja, zovala zodula. Koma ine ndifuna tiione filimuyi kuchokera pa benchi la nyumba zoonetsera vidiyo za ku Thyolo, kufupi ndi maesiteti monga Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba, kumene ine ndinamdziwira Jackie.

Awerengi achinyamata akumbutsidwe kuti Malawi analibe wailesi yakanema mpaka 1999 pamene Television Malawi inatsegulidwa. M'nthawi ya Kamuzu a Censorship Board, amene lamulo lawo ndi la 1968, ankadula ngakhale malo opsopsonana m'mafilimu. Choncho ambirife sukulu yathu ya kanema inali kachipinda kamdima pa Bvumbwe, pa boma kapena pa Luchenza, jenereta ikulira kuseri, dzina la filimu litalembedwa ndi choko pakhomo. Tsiku la malipiro munkadzaza anthu amene atha sabata yonse dengu lili kumsana, kapitawo ali pambuyo, sikelo ikudikira kutsogolo.

Nanga anthu amenewa ankamukonderanji Jackie? Ena amati chifukwa nkhonya sifuna womasulira. Nzoona, koma si zokhazo ayi. Taonani anthu amene iye ankasewera. Mu Snake in the Eagle's Shadow ya 1978 ndi mwana wamasiye wokolopa pa sukulu ya kung fu, amene aphunzitsi amamuyesa thumba lophunzirirapo nkhonya. Mu Wheels on Meals ya 1984 akugulitsa zakudya pa kagalimoto m'misewu ya Barcelona. Mu Police Story ya 1985 ndi wapolisi wamba wopanikizidwa ndi akuluakulu ake komanso chigawenga cholemera. Mwini filimu anali mnzathu, munthu wotumidwa, amene akamenyedwa ankakwinya nkhope ndi kupukusa dzanja ngati ife tomwe.

Mu Gorgeous, yomwe anatsogolera ndi Vincent Kok, zinthu zatembenuka. Jackie ndi C.N. Chan, mpondamatiki wa makampani, wosakwatira, wosintha akazi ngati malaya. Shu Qi ndi Bu, mtsikana wa m'mudzi wa asodzi ku Taiwan, amene watola botolo m'nyanja muli kalata ya chikondi, n'kunyamuka ulendo wa ku Hong Kong kukafuna mwini kalatayo. Atafika apeza kuti wolembayo, Albert, amene akuseweredwa ndi Tony Leung Chiu-wai, ankalembera mwamuna mnzake. Kenaka Bu apulumutsa Chan pa ndeu ya panyanja, chikondi n'kuyambira pomwepo.

Apa ndiye pagona dandaulo langa. Anthu amati vuto la filimuyi ndi loti ndeu zachepa, nkhani zachuluka. Ine ndikuti kuchoka pa chibakera kupita pa chikondi si mlandu. Mlandu ndi woti Jackie anachoka ku komboni n'kukakhala ku nyumba ya bwana pamwamba pa phiri. Munthu wa ku Thyolo nkhani ya bwana wachuma ndi mtsikana wosauka wa kumudzi amaidziwa bwino, ndipo sathera nayo kuseka. Amadziwa amene amatsala ndi mwana kumsana nyengo yotchola ikatha. Jackie anabadwa mu 1954, Shu Qi mu 1976. Kusiyana kwa zaka 22 ndi kwa matumba awo filimuyi ikukudumpha ngati kulibe, n'kumatiuza kuti tingomwetulira basi.

Komatu tisataye bowa ndi nyerere zomwe. Shu Qi akusewera ndi moyo wonse. Akaseka chipinda chimawala, ndipo ndi iye amene wanyamula mbali ya chikondi pamene Jackie akuoneka wamanyazi ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Tony Leung naye ali ndi nthabwala zake, ngakhale opanga filimu am'patsa ntchito yongosekedwa chifukwa cha chikhalidwe chake, zomwe ndi nthabwala zotchipa.

Chodabwitsa n'chakuti ubale weniweni m'filimuyi uli pakati pa Chan ndi Alan, kamnyamata kakafupi kamene mdani wake pa malonda wakalemba ganyu kuti kamuchititse manyazi. Alan ndi Brad Allan wa ku Australia, wa m'gulu la Jackie lochita zoopsa m'mafilimu, amene anamwalira mu 2021. Awiriwa amenyana kawiri, atavala magolovesi, motsata malamulo, mopatsana ulemu. Ulendo woyamba Chan agonja. Mutu ukakula sulewa nkhonya, amangwetu! Pamenepo ndi pamene ndinamuonanso Jackie wathu wakale uja, wotupa nkhope, wobwerera kukakonzekera mwakhama. Pa ndeu yachiwiri akumbukira malangizo a Bu oti azimwetulira, ayamba kumenya ngati akuvina, napambana. Mphindi zimenezi zikunena zambiri za chikondi kuposa mawu onse okoma amene awiri aja auzana pa chakudya chamadzulo. Thupi la Jackie silinama. Pakamwa pake ndi pamene pamavuta.

Masiku ano matepi aja anatha, mafilimu akuyenda pa mafoni ndi pa mamemore khadi, ena atamasuliridwa kale m'Chichewa ndi anyamata a m'tauni. Mukaipeza Gorgeous ioneni ndithu, makamaka ndeu ziwirizo. Koma kwa anzathu amene akupanga mafilimu kuno kwathu ndili ndi pempho limodzi. Otchola tiyi nawonso amafunsirana, amakanana, amasekana pa mzere wa sikelo. Mukafuna kutiseketsa ndi nkhani ya chikondi, musayambe mwam'gulira suti mwini filimu. Msiyeni ndi dengu lake, afunsire ali chomwecho, tione ngati sitidzadzaza mabenchi.