Zimene mphero ya agogo inandiphunzitsa za kachigayo ka khofi

Mphwanga wa ku Lilongwe wayamba kugula khofi wa ku Misuku wosapera, ndiye anandiimbira foni ali m'sitolo, wasokonezeka. Tizigayo tamagetsi anapeza mitundu iwiri: kena kali ndi kampeni kozungulira, kena kali ndi zitsulo ziwiri za mano zoyang'anizana, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Ine maganizo anathamangira kwathu ku Lizulu, pakhonde pa agogo.

Agogo sapera chimera cha mawere ali chiimire. Amagwada, mphero itapendekera kutsogolo, lichero atalitchera kumunsi kuti lilandire ufa. Amatapa kachimera kodzaza chikhatho chokha n'kukaika kumtunda kwa mwala. Mwanamphero amamugwira ndi manja onse awiri, koma mphamvu imachokera m'chiuno ndi m'mapewa. Pokankha amakanikiza. Pobweza amapepukitsa manja, ndipo m'mphepete mwa mwanamphero mumakokera njere zatsopano pansi pake, pang'ono chabe. Mawere ndi tinthu toterera, tothawathawa. Ine nditayesa ndili mwana, theka linakathera kwa nkhuku. Kwa iwo njere iliyonse imayenda ulendo umodzi, kuchoka kumtunda kukagwera m'lichero itasanduka ufa.

Maso sawagwiritsa ntchito kwenikweni. Amatha kucheza ndi mlendo, kukalipira mbuzi, manja akungopita. Amene amayang'anira ntchito ndi makutu. Mwala ukamalira khwerekhwere ndiye kuti njere zikadali zamphumphu. Phokoso likafewa, ufa wafika. Kenaka amatsina ufawo pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kudziwa ngati ndi woyenera thobwa la ana kapena mowa wa masese, wonga umene umamwedwa anthu akasonkhana ku Nkolimbo pa Umhlangano wa Maseko. Mphero ikasalala chifukwa cha zaka, amatenga mwala wolimba n'kuigogoda pang'onopang'ono, malo onse, mpaka ikhakhalenso. Ntchito imeneyi salola mdzukulu kuikhudza.

Ndiye ndinamuuza mphwangayo kuti kachigayo ka kampeni kaja sikapera, kamangomenya. Chigayo cha chimanga cha pamsika nachonso chimamenya ndi nyundo zake, koma chili ndi sefa yomwe imatsekereza zokhakhala. Kameneka sefa kalibe. M'kapu imodzi mumagwera fumbi ndi zibenthu. Madzi otentha amakama fumbilo mopitirira, khofi n'kuwawa, pomwe zibenthuzo zimatsala zosatulutsa kukoma kwake. Ka mano kaja ndi mphero yeniyeni. Njere imadutsa pakati pa zitsulo ziwiri ndipo imatuluka pokhapokha yafika msinkhu wa mpata umene mwini wautchera. Ukafuna wosalala umachepetsa mpatawo, zimene agogo amachita ndi kulemera kwa manja. Ndinamukumbutsanso kuti aonetsetse kuti n'ka magetsi athu a mavolti 230, poti tina timabwera kuchokera ku America.

Nditapita kumudzi ndinawafotokozera agogo nkhaniyi. Anamvetsera manja ali pamwala, osaleka kupera. Za mtengo sanafunse.

"Nanga mano akewo akasalala, adzawagogoda ndi chiyani?"

Madzulo omwewo ndinamuimbira mphwanga kuti asanalipire afunse kaye ngati mano osinthira amapezeka.