Mlandu wa Nyau M'kamwa mwa Ansembe

Ndaŵerenganso buku la a Ian Linden, Catholics, Peasants and Chewa Resistance in Nyasaland (1974), ndipo ndili ndi kangachepe konena. Mlembiyu akulongosola bwino mkangano wa pakati pa ansembe a White Fathers, amene adafika ku Mua mu 1902, ndi akuluakulu a Nyau. Sukulu ndi dambwe zinkalimbirana mnyamata mmodzi yemweyo. Apa a Linden sadaphonye.

Chondidandaulitsa n'chakuti mboni zawo zambiri ndi mabuku amene ansembewo ankalembamo zochitika za pa mishoni. Mlandu wa Nyau tikuumva m'kamwa mwa wokasuma. Kodi Acheŵa a ku Bwanje sadalembe kanthu? Adalemba, koma ndi sompho. Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuŵa, ndi mnzake Maliya, ndiwo ndemanga yawo pa chipembedzo chatsopanocho, yoŵerengedwa pabwalo ng'oma zikulira. Ndikadakonda bukuli likadafatsa pa zilombo zimenezi monga lifatsira pa zolemba za ansembe.

Bukuli litatuluka kale, mu 1976 Bambo Claude Boucher adakhazikitsa Kungoni pa Mua pomwepo, ndipo pambuyo pake zigoba mazanamazana zidaloŵa m'nyumba ya Chamare. Anzanga ena pano amati mpingo udalapa. Mwina. Ine nditamuona Simoni ali phee m'nyumbamo, wopanda fumbi, wopanda amayi omuwombera m'manja, ndidadzifunsa ngati ansembe adamulandira ngati mlendo kapena adamugwira ukaidi.